Sande yonse ikumathera pa zolengeza ndi ndalama, nde tizipanga bwanji?

Sande ina yake ndinapanga zinthu zoti akulu anzanga akanadziwa bwenzi atandiitanira ku vesitile. Ndinakakhala kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya pafupi ndi chitseko ija amakonda anyamata, foni pamwendo, kabuku ndi bolopeni m'manja, nkumalemba nthawi ya chilichonse chochitika kutsogolo. Tinayamba 9:20 m'malo mwa 9 koloko. Zolengeza zinadya mphindi 48. Makwaya sikisi, iliyonse nyimbo ziwiri, kuphatikizapo kuyenda kodzikoka kuchokera pokhala mpaka kutsogolo komanso kudikira wa kiyibodi kuti apeze kiyi, mphindi 55. Zopereka zinalipo zitatu, cha Sande, cha chitukuko, ndi china cha mpanda, ola limodzi ndi mphindi 10. Mmene abusa amaimirira kuti alalikire nkuti ili 12:30, ana akulira njala, amayi ena ayamba kale kuzemba kudzera chitseko cha m'mbali. Kuwerenga Mawu pamodzi ndi ulaliki, mphindi 17. Ndipo abusawo poyamba anachita kunena kuti "musadandaule abale, sindikuchedwetsani".

Mawu amenewo ndi amene anandilasa mtima. Anthu tadzuka m'mamawa, tasita, ena tayenda wapansi ena takwera kabaza, kudzamva Mawu a Mulungu, nde Mawuwo ndi amene akupepesa kuti atichedwetsa? Ine ndakhala mlembi wa mpingo zaka zingapo pa tchalitchi china cha m'tauni, cha chiPresibeteriya, ndipo vuto ili ndaliona likubwera, ife nkulithamangitsa, patatha chaka ilo labweranso ngati nsikidzi. Anzanga a mipingo ina, a Katolika, a Pentekosite, ngakhale opemphera Loweruka, akuti kwawonso lilipo, limangovala malaya ena. Zimene ndikulemba apazi ndi zimene tinayesa ife, zina zinagwira, zina zinatikanika.

Mungadziwe bwanji kuti mpingo wanu wadwala matenda amenewa? Musayang'ane kuchuluka kwa anthu, tchalitchi chimatha kudzadza mpaka pakhonde koma chikudwala. Yang'anani nthawi imene anthu akufika. Mukaona anthu olongosoka bwinobwino, osati aulesi ayi, akufika 10:30 mlungu ndi mlungu, dziwani kuti anawerengera kale kuti zolengeza zimatha nthawi yanji. Suzumirani pansi pa mtengo wa mango panja paja nthawi ya zopereka muone achinyamata alipo angati. Ndipo Lolemba mukakumana ndi mkhristu mnzanu kumsika mufunseni kuti dzulo Mawu anachokera buku liti. Akayankha kuti "aaa ndaiwala ine, koma mlaga wa kumtunda uja unaponya 300 sauzande" (mlaga ndi kagulu ka akhristu a dera limodzi), basi, matenda afika m'mafupa.

Choyamba kupanga ndi chomwe ndinapanga ine, kulemba nthawi, kungoti inu musabise ngati ine. Auzeni abusa ndi bwalo la mpingo, musankhe munthu wofatsa wopanda mbali, alembe ma Sande atatu otsatizana, chifukwa imodzi yokha akuuzani kuti "inali Sande yapadera imeneyo". Mukapita ku sesheni, msonkhano wa bwalo la mpingolo, ndi maganizo anu chabe akuti mapemphero akutalika, aliyense aloza mnzake, wa kwaya aloza wa zolengeza, wa zolengeza aloza a chitukuko. Koma pepala la manambala likaikidwa patebulo anthu amakhala chete kaye. Kwathu mkulu wina wachikulire analiyang'ana nthawi yaitali, nkuvula mandala, nkunena kuti "ndiye kuti Mulunguyo tikumupatsa makombo eti". Palibe anaseka.

Zolengeza

Izi nzosavuta kukonza kungoti zimafuna kulimba mtima. Gwero lake ndi loti wapampando wa kagulu kalikonse amafuna agwireko maiki, ndipo munthu akagwira maiki sangoyamba nkhani, amayamba wapereka moni kwa abusa, amayi busa, akulu a mpingo, atumiki, alendo, kenako aleluya katatu, nkhani yake yeniyeni ili ya mawu khumi, yoti Lachitatu tikumane 2 koloko. Ife tinagwirizana kuti zolengeza zonse zifike kwa mlembi zolembedwa pofika Loweruka masana, awerenge munthu m'modzi basi, osapyola mphindi 10. Makalata ochokera ku presibitale kapena ku sinodi, mabwalo a pamwamba a mpingo wathu, kupatula imene alamula kuti iwerengedwe yonse, timanena mutu wake ndi chofunika kuchita, kalatayo nkuikhoma pa bolodi. Zimene sitizidula ndi maliro, odwala, maukwati amene akulengezedwa, ndi za mgonero, izo ndi za banja lonse.

Zina zonse zipite ku gulupu ya WhatsApp ndi ku milaga. Koma apa samalani, tinalakwitsapo ife. Mwezi woyamba tinaponya zonse pa WhatsApp nkumadziona ngati otsogola, kenako tinapeza kuti agogo ena awiri sanamve za tsiku la masika chifukwa foni zawo ndi za mabatani zija, wina alibiretu. Anabwera ndi dengu lake la mtedza Sande yotsatira zonse zitatha kale, ndipo nkhope yake sindidzaiwala. Kuyambira pamenepo mkulu wa mlaga aliyense ali ndi udindo wofikitsa uthenga pakhomo pa amene alibe foni.

Pamene lamulo la mphindi 10 limafera kawirikawiri ndi pa alendo. "Tili ndi olemekezeka pakati pathu, atipatseko moni." Chaka cha 2025 chisankho cha pa 16 Sepitembala chikuyandikira munaona nokha mmene anthu ofuna mipando anakondera Mulungu mwadzidzidzi, Sande iliyonse tchalitchi china, envelopu m'manja. Moni wawo ndi mphindi 20, ndipo theka la mpingo likuombera m'manja theka lina lakwinya nkhope, anthu amene alowa ali amodzi akutuluka ali zipani. Sindikunena kuti mpingo usamayankhule za dziko, kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 tonse tikudziwa chimene inayambitsa m'dziko muno. Koma uko kunali mpingo kuyankhula kwa andale, izi ndi andale kubwereka guwa. Lamulo likhale lolembedwa chisankho chisanayandikire, kuti mlendo aliyense, wa mpando kapena wopanda mpando, amatchulidwa dzina, amaimirira, timamulandira, amakhala pansi. Envelopu yake alowetse m'mbale ngati wina aliyense. Akakwiya muwerengereni Yakobo 2, nkhani ya munthu wa mphete yagolide ndi wosauka wa zovala zakuda uja, ndi yomweyi.

Ndalama, apa ndiye pali nkhani

Ndikuuzeni, nthawi imene ndalama zikudya pa Sande ndi utsi chabe, moto uli kwina. Moto woyamba ndi ntchito yaikulu kuposa msinkhu wathu. Komiti ya chitukuko imapita kukaona holo ya mpingo wina, imabwerako mitima ili m'mwamba, ijambulitsa pulani ya nsanjika, nkulonjeza kuti miyezi 9 tikhala titalowamo. Walira mvula walira matope. Bajeti imene munapanga kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 inasanduka pepala lokulungira mandasi, simenti yakwera, malata akwera, zitsulo osanena, koma malipiro a akhristu ali pomwe paja. Nde komiti itani? Pepala Sande, Sande yosonkhetsa ndalama mwapadera ija, mwezi uliwonse. Kenako kawiri pamwezi. Kenako ulaliki womwe umayamba kupindikira komweko, lemba lililonse, ngakhale la mwana wolowerera, mathero ake ndi thumba la simenti.

Chokonza chake nchowawa koma nchimodzi, dulani ntchitoyo m'zigawo ndipo muuze mpingo chilungamo. Chaka chino maziko ndi silabu basi. Chaka chamawa zipupa. St Michael and All Angels ya ku Blantyre ija timajambulitsapo zithunzi za ukwati, David Clement Scott ndi anthu ake anaimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa akuumba ndi kuotcha konko, ndiye inu mwathamangira kuti? Pa chiyambi cha chaka bwalo ligwirizane kuti masiku osonkhetsa ndalama mwapadera akhala angati, kwathu tinati anayi kuphatikizapo masika, alembedwe pa kalendala, ndipo gulu lililonse lofuna tsiku lake, amayi, achinyamata, kwaya yofuna yunifolomu, lilowe m'masiku omwewo kapena lipange Loweruka. Ndipo pa tsikulo mapemphero ayambe atha, mdalitso uperekedwe, kenako zosonkhetsazo ziyambe. Wofuna kupita apite mwaufulu osamutsekera chitseko. A chitukuko anakana zimenezi kwa miyezi, amati anthu azithawa. Ena amathawadi. Koma otsalawo amapereka osakwiya, ndipo amene amathawawo ndi omwe aja kale ankathawa ulaliki usanayambe, pano akumathawa atamva Mawu, ine ndikuona kuti taphulapo.

Chinanso, kutchula maina ndi ndalama pa maiki. "Bambo uje 50 sauzande, tiwaombere m'manja!" Kenako mayi wamasiye wogulitsa tomato akubwera ndi K500 yake atapinda kanayi m'chikhatho, em-si nkunena moseka kuti "amayi awonjezere pang'ono". Ndinaona ndi maso anga mayi wina akubwerera kukakhala, ndipo Sande ya pepala yotsatira sanabwere, yotsatiranso sanabwere. Yesu pa Marko 12 anakhala pansi moyang'anana ndi mosungiramo zopereka ndipo amene anamutchula ndi wa tindalama tiwiri uja, ife tikupanga zotembenuza. Mpikisano wa milaga nawonso umaoneka wokoma, kuvina, nthungululu, koma mlaga wa kumayadi ndi mlaga wa anthu a maganyu sangapikisane, mapeto ake a mlaga wosaukawo amayamba kudziona ngati alendo pa tchalitchi chawo chomwe. Lengezani zonse pamodzi kuti lero tapeza zakuti, mayina akhale m'buku la msungichuma.

Moto wachiwiri ndi waukulu kuposa woyambawu, anthu sakukhulupirira kumene ndalama zikupita. Sanena poyera, aMalawi sitinena poyera, amangochepetsa chopereka mwakachetechete. Atsogoleri poona kuti mbale yapepuka amawonjezera kukuwa ndi kuopseza za Malaki 3, anthu poona kukuwako amakayikira kwambiri, amachepetsanso, zikungozungulira choncho. Mukaona kuti mwalalikira za chakhumi ma Sande anayi koma palibe chasintha, siyani kulalikirako, pitani mukaone mabuku.

Zoyenera kuona ndi izi. Ndalama amawerenga ndani, ali angati, kuti? Zikhale zowerengedwa tsiku lomwelo mu vesitile, anthu atatu osachokera nyumba imodzi kapena gulu limodzi, ndipo azisinthana, onse asayine pa fomu, fomu ina ipite kwa mlembi ina kwa msungichuma. Lolemba zipite ku banki ndipo silipi ibwere, mlembi aifananize ndi fomu ija. Ndalama za mpingo zisagone kunyumba kwa munthu kuposa usiku umodzi. Ngati anthu akutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, isakhale nambala ya munthu imene amaguliraponso mayunitsi ndi ndiwo, ikhale ya mpingo, yolumikizidwa bwino ndi mabuku. Kutapa ku banki masiginecha awiri mwa atatu, ndipo cheke chosalembapo kanthu asasayiniretu wina aliyense ngakhale akupita ku maliro kumudzi sabata yonse. Abusa asagwire ndalama, osati chifukwa ndi akuba ayi, koma kuti tsiku lina akadzafuna kudzudzula tchimo pasadzapezeke wonena kuti "nanga za mpanda zija?". Izi si nzeru za ku ofesi chabe. Pa 2 Mafumu 12 wansembe Yehoyada anaboola chivundikiro cha bokosi nkuliika pambali pa guwa, ndipo likadzadza amabwera awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kudzawerenga limodzi. Paulo pa 2 Akorinto 8 potumiza mphatso ya ku Yerusalemu sanamusiye Tito yekha, anamuphatikiza ndi abale ena, nkunena kuti tikufuna zokoma osati pamaso pa Ambuye pokha komanso pamaso pa anthu. Ngati Paulo amapewa kukayikiridwa, msungichuma wathu akukwiyiranji tikapempha lisiti?

Kenako lipoti. Miyezi itatu iliyonse, m'Chichewa chomveka, osati kuwerenga manambala mothamanga ngati nkhani za maliro pa wailesi. Zalowa zakuti, zapita ku sinodi zakuti, magetsi ndi madzi zakuti, zachifundo zakuti, simenti matumba akuti pa mtengo wakuti, zatsala zakuti. Likhomedwe pa bolodi sabata ziwiri, ndipo wofunsa funso asatengedwe ngati woukira. Ife titayamba izi, patatha miyezi ingapo nthawi yochonderera anthu pa Sande inatsika yokha popanda lamulo lililonse.

Nanga mukapeza kuti ndalama zasowadi? Zinatichitikira. Msungichuma wathu wina, munthu wabwinobwino wopemphera, mwana wake anadwala, anatengako pang'ono kuti abweza kumapeto a mwezi, kenako nthawi ya feteleza inakwana, anatengakonso, mmene timazindikira dzenje linali lalikulu loti iye yekha sakanalikwirira. Ife tinalakwa pawiri, tinamusiya yekha ndi thumba zaka zitatu osamuwerengera, kenako zitadziwika nkhani inayamba kumveka pa WhatsApp bwalo lisanakhale. Njira yake ili pa Mateyu 18, muyambe mwakumana naye anthu ochepa, mabuku ali patebulo, avomere, alembe mmene abwezere, atule pansi udindo, bwalo lichite mwambo wake monga mwa malamulo a mpingo wanu, ndipo mpingo uuzidwe mwachidule ndi bwalo lenilenilo kuti kunapezeka vuto ndipo likukonzedwa motere. Kubisa kumawononga kuposa kubako, chifukwa anthu amadziwa kale. Ndipo ngati amene wadya ndalamayo ndi munthu wamkulu woti aliyense amamuopa, khoswe wakhala pamkhate, musalimbane naye nokha, itanani a presibitale kapena akuluakulu a mpingo wanu a pamwamba adzaone mabuku, ndi ntchito yawo imeneyo.

Makwaya ndi zokuzira mawu

Apa ndiyankhule mosamala chifukwa akazi anga amaimba kwaya ya amayi. Kwaya ndi yabwino, achinyamata ambiri amene tili nawo anakhazikika chifukwa cha kwaya. Koma makwaya akachuluka mapemphero amasanduka konsati, mpingo wonse ungokhala kuonerera, ndipo nyimbo za m'buku zoimba tonse zija zimayamba kudulidwa, "tiimba ndime yoyamba ndi yomaliza". Ana athu ena akukula osadziwa nyimbo ngakhale imodzi pamtima, mudzaone pa maliro magetsi kulibe mmene amasowera chonena. Ife tinapanga ndandanda, makwaya awiri kapena atatu pa Sande, nyimbo imodzi imodzi, enawo sabata yamawa, ndipo oimba akhale pafupi ndi kutsogolo asanaitanidwe. Mlaliki awauze mutu wa Mawu pofika Lachinayi kuti nyimbo igwirizane ndi uthenga. Kukhazikitsa chimbale ndi kugulitsa ma fulashi kukhale tsiku lina.

Za masipika ndingonena mwachidule. Ayesedwe anthu asanalowe, "testing one two" wa pakati pa pemphero uja ndi tchimo limene sitinalilembe chabe. Voliyumu ikhale yoti agogo a kutsogolo asatseke makutu ndipo mpingo uzidzimva ukamaimba. Magetsi akazima musaime kudikira jenereta mphindi 15 mukuyang'anana, yambitsani nyimbo ya pakamwa, mudzadabwa kukoma kwake.

Mukakonza zonsezi koma anthu akadali olemedwa

Ndiye kuti pali chilonda china chimene sichili pa pulogalamu. Kawirikawiri ndi magulu, awa ndi a abusa, awa ndi a mlembi, awa ndi a abusa amene anasamutsidwa aja. Ku Korinto zinaliko, ine ndine wa Paulo, ine wa Apolo, ine wa Kefa. Chizindikiro chake nchoti wina akaimirira kutsogolo anthu ena amatsegula foni dala. Ndipo masiku ano magulu amenewa amakulira pa WhatsApp, pamakhala gulupu ya mpingo, kenako kagulupu kena kopanda abusa, kenako kena kopanda mlembi, ma sikirinishoti akungouluka, kandimverere anakanena za m'maluwa. Gulupu yaikulu ikhale yoti olemba ndi ma adimini okha, ya zolengeza basi. Madandaulo akhale ndi khomo lake lenileni, mkulu wa mlaga, kenako bwalo, ndipo bwalolo liziyankha msanga, chifukwa anthu amapita ku WhatsApp akaona kuti kalata yawo yagona mu faelo miyezi isanu. Awiri akayambana musawalalikire pa guwa mophiphiritsa, aliyense amadziwa amene mukunena. Paulo kwa Euodiya ndi Suntuke pa Afilipi 4 anawadandaulira onse awiri mofanana nkupempha munthu wina kuti awathandize, ndiye kuti pamafunika munthu wopita kukakhala nawo pansi.

Koma chilonda chimene ndaona kuti chimapweteka kwambiri ndi maliro. Kwa bwana kukagwa zovuta abusa afika, makwaya atatu, amayi a yunifolomu yoyera adzadza bwalo, magalimoto mndandanda. Kwa mkhristu wa kuseri kwa msika amene wakhala akusesa tchalitchi zaka 20 kukupita mkulu m'modzi ndi amayi folo, mwambo wa changuchangu. Anthu amaona, ndipo banja limenelo Sande yotsatira likamamva "tonse ndife thupi limodzi" mumtima limangoti kaya. Pa Machitidwe 6 dandaulo loyamba mu mpingo linali lotere, amasiye a Ayuda oyankhula Chigiriki ankaiwalidwa pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawauze kuti siyani kudandaula muzipemphera, anavomereza kuti vuto lilipo, anasankhitsa anthu 7, Stefano ndi anzake, kuti agwire ntchitoyo, iwo nkupitiriza kupemphera ndi kutumikira Mawu. Nafenso tinalemba kuti mkhristu aliyense akamwalira mpingo umachita zakutizakuti, chipepeso chofanana, kwaya ya pa ndandanda ipite kaya ndi kwa ndani, ndipo abusa akalephera chifukwa chomveka banja liuzidwe bwinobwino amene abwere m'malo mwawo. Chimodzimodzi kuyendera odwala, mlaga uliwonse ukhale ndi kabuku.

Mwinanso vuto ndi guwa lenilenilo, tisanamizane. Mwachotsa zolengeza, mwadula makwaya, mwapatsa Mawu mphindi 35, koma mlaliki anauzidwa Loweruka usiku kuti mawa ndi inu, nde akungozungulira, nkhani za kumudzi kwawo, kukalipira atsikana za zovala, aleluya wodzadzira mpata. Anthu agona ngati Utiko wa pa Machitidwe 20, amene anagwa pa zenera Paulo akulalikira, mwayi wake mabenchi athu si a pa nsanjika yachitatu. M'mipingo yathu yambiri mbusa ndi m'modzi koma nyumba zopemphereramo zambirimbiri, ma Sande ochuluka olalikira ndi akulu a mpingo, ndiye ndandanda ya alaliki ituluke mwezi usanayambe, ndi malemba ake, ndipo abusa azikhala nawo pansi kamodzi pamwezi kuwathandiza kukonza. Owerenga Mawu nawonso auzidwiretu. Buku Lopatulika ndi la 1922, Chichewa chake china ndi chakale, munthu akalitsegulira pa guwa pomwepo amapunthwa mpaka tanthauzo kutayika, awerengeretu kunyumba mokweza kawiri katatu, ndipo mlaliki akhoza kuonanso mmene Buku Loyera la 1998 lanenera ndime yomweyo kuti afotokoze bwino.

Ena amati zonsezi nzosatheka, mapemphero a Chimalawi ndi aatali basi. Koma 2020 nthawi ya Covid boma litaletsa kusonkhana anthu opitirira 100, tinagawa mapemphero katatu kanayi pa Sande imodzi, lililonse ola limodzi ndi pang'ono, zolengeza mphindi zisanu, ndipo palibe anamwalira chifukwa chosagwira maiki. Sindikuti tibwerere ku ola limodzi, ine ndimakonda kuimba ndipo maola awiri ndi theka sandivuta ngati ambiri mwa iwo tikupembedza. 1 Akorinto 14:40 sinatchule maola, inangoti zonse zichitike koyenera ndi kolongosoka.

Chifukwa chake limabwereranso

Vutoli limabwerera pa zisankho za mu mpingo. Akulu atsopano alowa, komiti ya chitukuko yatsopano ikufuna ionetse kuti ikugwira ntchito, abusa asamutsidwa kwabwera ena, ndipo zimene munagwirizana zija zinali za pakamwa, munthu amene ankazikumbukira anasamukira ku Mzuzu. Nde zilembeni m'maminitsi a bwalo, ziwerengedwe pa msonkhano woyamba wa akulu atsopano, ndipo popatsirana maudindo msungichuma wakale apereke mabuku atawerengedwa, osati jumbo ya malisiti. Limabwereranso kudzera pa "lero lokha". Lero lokha wapampando afotokoze yekha, lero lokha kwaya ya alendo iimbe zitatu, lero lokha tidutsitse mbale kachiwiri. Woyendetsa mapemphero akhale ndi chilolezo cha bwalo chokana mwaulemu, ndipo abusa amuikire kumbuyo, chifukwa akangomusiya yekha kamodzi sadzakananso.

Ife kabuku kolembamo nthawi kaja timakatulutsabe kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Ogasiti, ndipo amalemba ndi achinyamata mosinthana, amakondwa nako zedi chifukwa ndi mpata wawo wokhawo wotiwerengera ife akuluakulu. Ulendo wathawu mtsikana amene analemba anabwera nako ku vesitile akumwetulira, zolengeza zakweranso kufika mphindi 19, ndipo pambali analembapo ndi bolopeni yofiira kuti 6 mwa zimenezo ndinadya ndine, pofotokoza za kusunga nthawi. Nkhaniyi ili pa ajenda ya sesheni ya Loweruka likubwerali, nambala 4, pambuyo pa za denga la nyumba ya abusa limene layambanso kudontha.